SQL inatuluka kale mu database, pano ikufunsa laputopu, mafayilo ndi cloud yomwe

Aliyense amene anakhalapo mkalasi ya ICT, kaya ndi pa Mzuni ku Luwinga kuja kaya ndi kwina, SQL, chilankhulo chofunsira deta mu database, anaiphunzira ndi tebulo la students ndi la courses, kuloweza SELECT, kulemba mayeso, basi nkuiwala. Nde ambirife mmutu munatsala zoti SQL ndi ya MySQL, Oracle, zinthu za ku banki. Koma kunjaku kuli mapulogalamu ambiri amene amatenga chinthu choti si database nkomwe, laputopu yanuyo, fayilo ya CSV, ma log a seva, akaunti ya kampani pa AWS (cloud ya Amazon, maseva obwereka pa intaneti), nkuchionetsa ngati matebulo kuti muzichifunsa ndi SELECT yomwe ija munkaida mkalasi.

Tiyambe ndi osquery chifukwa ndi yomwe imaonetsa bwino zimenezi. Anaipanga ndi a Facebook, anaitulutsa kwaulere mu 2014, ndipo mu 2019 inapita mmanja mwa Linux Foundation. Mukaiika pa kompyuta nkutsegula osqueryi, polembera mafunso pake, mumalemba chonchi

SELECT name, pid FROM processes;

nde imakubweretserani mapulogalamu onse amene akuyenda pa nthawi imeneyo, mzere umodzi pulogalamu imodzi. Musakafunefune pa hard disk, palibe paliponse pomwe pali tebulo lotchedwa processes. Mizereyo imapangidwa pompo mukafunsa, osquery imathamangira kwa operating system nkukafunsa, nkusanja mayankho ngati tebulo, mukamaliza kuwerenga zatha. Pali tebulo la users, la startup_items loonetsa zomwe zimadziyatsa zokha kompyuta ikamayaka, la chrome_extensions, la listening_ports, ambirimbiri ndithu. Query (funso la SQL) ina yotchuka ndi iyi

SELECT name, path FROM processes WHERE on_disk = 0;

Apa mukufunsa kuti ndi pulogalamu iti yomwe ikuyenda koma fayilo yake palibenso pa disk, lomwe ndi khalidwe la ma virus ena, amayaka kenako nkudzifufuta kuti asapezeke. Amene mumasamala labu ya pa sukulu kapena ka shopu ka printing mtauni muno komwe ma fulashi amalowa ndi kutuluka tsiku lonse mukudziwa kale kuti funso limeneli ndi la ndalama zingati.

Nanga bwanji SQL, osangogwiritsa ntchito ma command amene alipo kale? Vuto lake ma command aja aliyense ali ndi chilankhulo chake. Pa Linux pali ps, ss, lsof, pa Windows pali tasklist ndi netstat, pa Mac zina zimafanana ndi Linux koma ma option ake nkusiyana pang'ono mongokupsetsani mtima, ndipo onsewa amalavula zolemba chabe zomwe muyenera kuzidula ndi grep ndi awk, nde tsiku lina update ikabwera nkuwonjezera kolamu imodzi script yanu yonse yagwa. Ma API a pa intaneti, makomo omwe mapulogalamu amafunsirana deta, ndi chimodzimodzi, GitHub (kosungira code ya mapulogalamu) ili ndi kayankhidwe kake, AWS kake, wina amapereka zinthu 30 pa tsamba wina 100, inu muzilemba loop yotsegula masamba mpaka kumapeto. Ntchito yonseyi siikhudzana nkomwe ndi funso lomwe munali nalo.

Ganizo lothana ndi zimenezi ndi lakale kuposa ambirife. Mu 1970 Edgar Codd wa ku IBM analemba pepala lofotokoza zoti deta izioneka ngati matebulo, ndipo wofunsa asamavutike kudziwa kuti pansipo zasungidwa bwanji. Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, a ku IBM komweko, ndi amene anatulutsa chilankhulochi mu 1974, Boyce anamwalira chaka chomwecho akadali mnyamata. ANSI inachivomereza ngati standard mu 1986, ISO mu 1987. Mtima wa nkhani yonse ndi woti mu SQL mumanena chomwe mukufuna, njira yochipezera ndi mutu wa injini, pulogalamu yoyendetsa query ija. Zili ngati kukwera sakramento pa depoti, mumangoti Chibavi, zoti adzera msewu uti kapena apewa dzenje liti ndi za wopalasayo. Nde ngati wofunsa sakusamala za pansipo, pansipo pakhoza kukhala chilichonse, olo chinthu choti si database. Codd ankaganiza za mafayilo a pa disk koma chitseko anachisiya chotsegula.

Mmene zimagwirira ntchito ndi zosavuta kuposa mmene zimamvekera. Mkati mwa osquery muli SQLite, ka database kakang'ono kamene Richard Hipp anakatulutsa mu 2000, kamene kali mu foni iliyonse ya Android ndi iPhone, mthumba mwanumo kalimo. SQLite ili ndi chinthu chotchedwa virtual table. Wolemba pulogalamu amangouza SQLite kuti tebulo langa lili ndi makolamu awa, ukafuna mzere woyamba itana function iyi, ukafuna wotsatira itana iyi. Zotsala zonse, kumva query, kusefa ndi WHERE, kusanja ndi ORDER BY, kuwerengera ndi GROUP BY, kulumikiza matebulo, SQLite imapanga yokha. Ku PostgreSQL ganizo lomweli amalitcha foreign data wrapper, linachokera ku gawo la standard lotchedwa SQL/MED ndipo linayamba kugwira ntchito bwinobwino mu version 9.1 mu 2011. Steampipe, yomwe kampani ya Turbot inatulutsa mu 2021, inamanga pamenepo: mumaika plugin ya AWS kapena GitHub kapena Slack, mumalemba

select name from aws_iam_user where not mfa_enabled;

nkuona pompo anthu a mu akaunti yanu amene amalowa ndi pasiwedi yokha opanda chitsimikizo chachiwiri. Kuseri Steampipe ikuimba ma API a Amazon, kutsegula masamba onse aja, inu simukuona.

Kwa ine phindu lenileni lili pa JOIN, kulumikiza matebulo awiri, zinazo ndi zokometsera chabe. Tebulo la listening_ports limakuuzani ma port amene ali otsegula ndi nambala ya process, koma silikuuzani dzina. Tebulo la processes lili ndi dzina. Nde

SELECT p.name, l.port FROM listening_ports l JOIN processes p ON p.pid = l.pid;

mzere umodzi mwadziwa kuti ndani watsegula khomo pa makina anu. Tsopano kulitsani ganizoli. Mbali ina muli ndi CSV ya ku HR ya anthu amene akugwirabe ntchito, mbali ina muli ndi mndandanda wa ma akaunti a imelo kapena a GitHub a bungwe, LEFT JOIN imodzi ikutulutsirani anthu amene anasiya ntchito chaka chatha koma akaunti yawo ikadali moyo. Palibe batani pa dashibodi iliyonse lomwe lingakuyankheni zimenezo, chifukwa amene anapanga dashibodi ya imelo sadziwa nkomwe kuti kuli CSV ya ku HR kwanu. Dashibodi imayankha mafunso amene mwini wake anawaganizira, SQL imayankhanso amene sanawaganizire, ndipo mmaofesi mwathu muno mafunso ambiri a bwana kapena a donor amakhala a mtundu wachiwiriwu, amabwera Lachisanu 4 koloko.

Zinthu zamtunduwu zilipo zambiri, ndingozitchula mothamanga. Windows ili ndi WQL, chilankhulo chake chotengera SQL, kuyambira kalekale, mu PowerShell mutha kulemba Get-CimInstance -Query "SELECT * FROM Win32_Process" osaika pulogalamu ina iliyonse. Microsoft inalinso ndi Log Parser, version 2.2 ya 2005, yomwe akuluakulu ena a maseva sanaitayebe. Google Sheets ili ndi function ya QUERY yotengera SQL. Perfetto, chida choonera chomwe chikuchedwetsa foni ya Android, mumachifunsa ndi SQL. Ngakhale history ya Chrome ndi fayilo ya SQLite chabe, ya Firefox ndi places.sqlite. Cha mma 2009 kunabwera phokoso la NoSQL, ma database osadalira SQL, anthu nkumati SQL yakalamba, koma taonani zomwe zinachitika: ku Facebook anali atapanga kale Hive kuti anthu azilemba zangati SQL pamwamba pa Hadoop (sisitimu ya deta yochuluka kwambiri) mmalo molemba Java, kenako Presto yomwe anaitulutsa mu 2013, nthambi yake ina ndi yomwe pano ikutchedwa Trino, ndipo Amazon Athena ya 2016 inamangidwa pa Presto yomweyo. Amene anaithawa SQL ambiri anabwerera mwakachetechete.

Koma tinene zoona, ndi angati kuno ku Mzuzu amene ali ndi akaunti ya AWS ya maseva 200? Ochepa. Chomwe tili nacho chochuluka ndi ma CSV ndi ma Excel. Mabungwe atolera deta ndi KoboToolbox kapena ODK ku Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, ma cooperative ali ndi mndandanda wa alimi a khofi, ma SACCO ali ndi ma statement a Mpamba ndi Airtel Money, sukulu ili ndi fayilo ya fizi ya teremu iliyonse. Apa nde pomwe DuckDB imalowa. Anaipanga Mark Raasveldt ndi Hannes Mühleisen ku CWI ku Amsterdam, version 1.0 inatuluka mu 2024. Siifuna seva, siifuna kuti muyambe mwapanga tebulo, mumangoloza fayilo

SELECT boma, count(*) FROM 'alimi.csv' GROUP BY boma;

ndipo mukalemba 'malipiro_*.csv' imawerenga mafayilo onse a miyezi 12 ngati tebulo limodzi. Excel imathera pa mizere 1,048,576 ndipo laputopu ya RAM yochepa imayamba kulira isanafike nkomwe pamenepo, pomwe DuckDB mizere mamiliyoni angapo imadutsa osatuluka thukuta. Chinanso chomwe anzathu akunja sachiwerengera kwenikweni, mukaidawuniloda kamodzi basi, siifunanso bandulo, netiweki ikasowa kapena magetsi akathima bola batire ilipo ntchito ikuyenda. Ndipo query ndi mawu olembedwa, mutha kuisunga, kuitumiza pa WhatsApp kwa mnzanu wa ku Karonga, mwezi wamawa nkuiyendetsanso pa fayilo yatsopano. Yesani kufotokozera munthu pa foni ma click onse amene munapanga mu pivot table mwezi watha muone. Anzathu a zaumoyo amene amagwira ndi DHIS2, sisitimu ya ku University of Oslo yomwe unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito, akudziwa kuti nayonso ili ndi SQL views za mafunso amene ma lipoti okonzedwa kale sangayankhe.

Tsopano mbali yomwe otsatsa zidazi sakonda kuikamba. Tebulo lija ndi longoyerekeza, kuseri kwake kuli makina amoyo kapena kampani yomwe ikuwerenga ndalama, ndipo SQL imabisa zimenezi bwino kwambiri mpaka munthu umaiwala.

Choyamba ndi mtengo. Mu database yeniyeni SELECT * (kutenga makolamu onse) pa tebulo laling'ono ndi zaulere. Pa virtual table mzere uliwonse ukhoza kukhala ulendo wa pa intaneti. Mukapanga JOIN ya ma repository (mapulojekiti a pa GitHub) 300 ndi ma issue ake, injini ikhoza kuimba API kamodzi pa repository iliyonse, mwinanso kangapo, ndipo GitHub imalola ma request 5,000 pa ola kwa munthu wamba amene walowa ndi token (kiyi yolowera mu API), mukapyola imakutsekerani pakhomo mpaka ola lithe. Nkhani yaikulu apa ndi yoti WHERE wanu akusefera kuti. Ngati plugin ili yochenjera imatumiza sefayo kwa API kuti kubwere zokhazo zomwe mwafuna. Ngati ayi, imakoka zonse kudutsa pa bandulo yanu nkudzasefera pa laputopu, yankho lofanana ndendende, koma lina latenga masekondi awiri lina ladya mphindi 20 ndi bandulo ya sabata. Query yake mukaiyang'ana simungadziwe kuti ndi iti mwa ziwirizi, muyenera kuwerenga zolemba za plugin kapena kuyendetsa EXPLAIN, yoonetsa mmene injini iyendetsere query. Ndi chifukwa chake matebulo ena a osquery monga file ndi hash amafuna kuti muwapatse path mu WHERE, kupanda kutero bwenzi akuwerenga hard disk yonse. Ku cloud nde zimafika pa ndalama zenizeni. Athena imalipiritsa madola 5 pa terabyte iliyonse yomwe query yawerenga, osati yomwe yabweza. Pa BigQuery ya Google kulemba SELECT * ndi LIMIT 10 nthawi zambiri sikuchepetsa bilu, mwaona mizere 10 koma mwalipira tebulo lonse. Ndi mmene forex ikuvutira muno, ameneyo si masewera.

Chachiwiri ndi nthawi. Database yeniyeni imatha kukupatsani chithunzi cha mphindi imodzi, zonse zogwirizana. Kompyuta yamoyo siima kuti muijambule. Pomwe osquery ikuwerenga listening_ports kenako nkupita ku processes, process ina yatha, nde JOIN yanu yataya mzere osakuuzani. Pulogalamu yoipa yomwe imayaka masekondi atatu nkuzima, query yoyenda pa ola lililonse siidzaiona mpaka kalekale, nchifukwa chake anawonjezera matebulo a events monga process_events amene amalemba zinthu zikamachitika mmalo modikira kufunsidwa. Steampipe nayo imasunga mayankho kwa mphindi 5 kuti isamavutitse API, nde mutha kukonza vuto, kufunsanso, nkumaonabe ngati silinakonzeke.

Chachitatu ndi chathuchathu, deta yakuda. JOIN imalumikiza zinthu zofanana ndendende basi. Nambala ya foni ya mlimi mmodzi fayilo ina yalembedwa kuyambira ndi 0, ina ndi +265, ina ndi 265 wopanda mtanda, ina Excel inadya 0 woyambirira chifukwa inaiona ngati nambala yowerengera. Nkhata Bay wina walemba Nkhatabay, wina NB. Mayina nde musanene, Mhango ndi Muhango, Nyirenda wokhala ndi space kumapeto yosaoneka ndi maso. SQL siikuwa, imangobweza mizere yochepa ndi nkhope yowala, inu nkulemba mu lipoti kuti alimi amene analipidwa ndi ochepa pomwe ndalama anthu analandira. NULL, malo osalembedwa kanthu, nayenso ali ndi nkhanza zake: mukalemba WHERE boma != 'Mzimba' mizere yonse yomwe boma silinalembedwe imasowa, chifukwa kwa SQL chosadziwika sichifanana ndi kanthu komanso sichisiyana ndi kanthu. Ndipo madeti, Chrome imawerenga nthawi mma microsecond kuyambira 1601, Unix mmasekondi kuyambira 1970, ma log ambiri ali mu UTC (nthawi ya Greenwich) pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri, nde malipiro a 1 koloko usiku pa 1 amakagwera mwezi watha. Masiku ano anthu akulembetsa ma query kwa AI, zimathandiza ndithu pa kalembedwe, koma AI siidziwa kuti fayilo yanu ya Rumphi manambala alibe 0. Ine lamulo langa ndi count(*) musanapange JOIN, count(*) mutapanga JOIN, manambala akasiyana mosayembekezera imani kaye.

Pali funso lomwe limabwera nthawi zonse, loti ngati SELECT ikutheka nanga bwanji osangopanga DELETE FROM processes kuti tiphe pulogalamu, kapena INSERT kuti tipange seva yatsopano, kapena UPDATE kuti titumize malipiro. Mwaukadaulo zimatheka, PostgreSQL inalola kulemba kudzera mu foreign data wrapper kuyambira version 9.3 mu 2013, ndipo zida zina zoyendetsera cloud ndi INSERT zilipo. Koma apa ine ndimakana. Chomwe chimapangitsa kuti munthu alembe UPDATE mu database mtima uli mmalo ndi transaction, mukalakwitsa pali ROLLBACK, zonse zimabwerera mmene zinalili. Kunja kwa database kulibe zimenezo. SMS ikapita yapita, seva ikafufutidwa yafufutidwa, ndalama ikalowa mu foni ya munthu wolakwika muziyamba kuimba mafoni nkumapempha. Ndiye ganizirani UPDATE ya anthu 500 yomwe netiweki yaduka ili pa munthu wa 212, SQL ilibe njira yabwino yokuuzani kuti awa alandira awa ayi, inapangidwa poganiza kuti zonse zichitika kapena palibe chichitike. Onjezani kuiwala WHERE, komwe mu database kumawononga tebulo limodzi loti backup ikhoza kubweza, koma pa akaunti ya cloud kukhoza kuzimitsa bungwe lonse. Sizinangochitika mwangozi kuti osquery ndi Steampipe anazipanga zongowerenga. Funsani ndi SQL, mndandanda utuluke, munthu auone ndi maso, kenako chochitacho chidutse njira ina yomwe imalemba kuti yachita chani ndipo ikaduka imadziwa poyambiranso.

Dziwaninso kuti khomo la SQL la kampani ya eni likhoza kutsekedwa tsiku lililonse. Facebook yomweyo inali ndi FQL, chilankhulo chake chotengera SQL, kuyambira 2007, anthu ankafunsa za ma friend ndi zithunzi ndi SELECT, mu 2016 anaitseka onse nkuwakankhira ku Graph API. Yahoo inali ndi YQL yomwe inkafuna kusandutsa intaneti yonse kukhala matebulo, inafa mu Januwale 2019 pamodzi ndi timapulogalamu tambiri ta zanyengo tomwe tinkadalira iyo. Kulola anthu osawadziwa kulemba query iliyonse pa makina ako ndi kodula, sudziwa kuti funso lotsatira lilemera bwanji. Nchifukwa chake zomwe zakhalitsa ndi zija injini imakhala kwa inu, pa laputopu yanu, kapena zija mumalipira pa query iliyonse. Komanso SQL si imodzi, ya SQLite, ya Postgres, ya BigQuery ndi WQL zimasiyana pa madeti, pa ma function, WQL ilibe nkomwe JOIN wamba, nde musayembekezere kukopa query uku nkukaimata uko ikayenda.

Za SQL injection, pomwe wakuba amazembetsa ma command a SQL kudzera polembera pa webusaiti, sindikhalitsapo, ndi vuto lodziwika kuyambira 1998, ndipo kampani ya TalkTalk ku UK inalipitsidwa mapaundi 400,000 chifukwa cha kubedwa kwa deta kwa mu 2015 komwe kunadzera njira imeneyi. Chongowonjezera nchoti ngati kuseri kwa SQL kuli laputopu za ogwira ntchito onse kapena akaunti yonse ya cloud, wolowa mozemba sakuba tebulo limodzi, akuona nyumba yonse. Musamate mawu ochokera kwa munthu mkati mwa query, gwiritsani ntchito ma parameter, ndipo token yomwe mwapatsa Steampipe ikhale yongowerenga.

Ndipo poti JOIN ndi yophweka chonchi, pamafunika kudzigwira. Mndandanda wa odwala, statement ya mobile money ndi kaundula wa olandira thandizo, chilichonse pachokha sichinena zambiri, koma mukazilumikiza pa nambala ya foni mwadziwa matenda a munthu, ndalama zake ndi mudzi wake, munthu woti mwina mumapemphera naye tchalitchi chimodzi ku Katoto. Malawi ili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yomwe imaletsa kulowa mu kompyuta kapena deta ya eni popanda chilolezo, ndi Data Protection Act ya 2024 yomwe inapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhani za deta ya anthu. Nde wa IT amene akufuna kuika osquery pa malaputopu a ofesi ayambe wapeza chilolezo cholembedwa kwa mabwana, ogwira ntchito auzidwe kuti chikuonedwa ndi chani, ndipo ma query amene aziyenda alembedwe poti wina aliyense wa mu timu akhoza kuwawerenga. History ya Chrome ya mnzanu wa mu ofesi, ngakhale mukudziwa foda yomwe ili komanso kuti tebulo lake ndi urls, imeneyo isiyeni.